Chala cha Achemwali

"Iwe ungochonga poti ayi, basi nkhani yatha. A ku ofesi ya kazembewo adziwa bwanji?"

Anatero Achemwali uku akuwaluka tsitsi Amayi pabwalo, chipeso chili kukamwa, ngati akunena za mtengo wa sopo. Mzime anangoima pakhomo pa mpanda kuwayang'ana. Zala zake zonse khumi zinali bii ndi inki ya kupolisi, ndipo nsapato imodzi anali ataigwira kumanja chifukwa lamba anaduka pothamanga.

"Achemwali, mwandimva koma? Andikhazika pansi kuseri kwa kauntala maola awiri. Ine ndapita kukatenga kalata yoti ndilibe mlandu, ya viza ija. Wapolisi kungolemba dzina langa pakompyuta, akuti dikirani kaye. Kenako akubwera ndi mnzake, onse akumwetulira, akuti mayi takusowanitu zaka zitatu."

"Zaka zitatu," Amayi anabwereza, maso ali pansi.

"Eee. Akuti ndinamenya munthu kumsika, ndinamuluma khutu, ananditulutsa pa belo, kukhoti sindinapite. Ine Amayi. Ine amene ndimathawa nkhuku ikatukumula nthenga."

Apa muyenera kumudziwa Mzime kkkk. Ndi wotsiriza kubadwa m'nyumbamo, n'chifukwa chake aliyense amangomuti Mzime, ndipo ndi mtsikana uja woti akaponda phazi lako amapepesa katatu. Masiku apitawa kunabwera kalata yoti amutenga kusukulu ya unamwino kunja, zonse amulipirira. Anavina mpaka kugwetsa ndowa. Koma kalatayo inanena poyera kuti viza ikhale itatuluka pasanathe masabata atatu, apo ayi malo apatsa wina. Ndiye pa fomu ya viza pali kafunso kamodzi, kakang'onong'ono, koti kodi munamangidwapo kapena kuimbidwa mlandu. Timabokosi tiwiri, inde ndi ayi.

"Nanga akutulutsa bwanji?" anafunsa Amayi.

"Kuli mayi wina wapolisi, uja amadinda zala. Anati tabwera naye kuno mwanayu, nkhope iyi si yoluma anthu. Anandidinda zala zonse, nkutulutsa khadi lakale m'fayilo, nkuika pafupi ndi langa. Akuti taona wekha. Chala chachikulu chakumanja cha pa khadi lakalelo chili ndi mzere pakati, kuchokera uku mpaka uku. Chipsera. Changa chilibe."

Manja a Achemwali anaima m'mutu mwa Amayi.

Ndiye tangoganizani. Anthu atatu pabwalo, onse kuyang'ana chala chimodzi. Chinali pomwepo, chitagwira chingwe cha tsitsi, chipsera chake chili mbee ngati msewu. Achemwali anayesa kuchipinda kuti chilowe m'dzanja koma aaa, chala chachikulu sichibisika.

"Anandifunsa ngati ndikumudziwa mwini chalacho," Mzime anatero pang'onopang'ono. "Ndinati ayi. Bodza langa loyamba kupolisi, ndipo ndanamira inu."

"Khala pansi mwanawe," anatero Amayi.

"Sindikhala. Ndakhala kale pansi lero, pasimenti."

Amayi anapumira m'mwamba, theka la mutu lolukidwa, theka lili nyankhalala. "Unali kusukulu yogonera komweko nthawi imeneyo. Kunatsala sabata imodzi kuti mkulu wakoyu akwatiwe. Mayi wina wogulitsa tomato ananena kumsika kuti mwamunayo anayamba wafunsira iyeyo. Mkulu wako umamudziwa. Atamugwira apolisi, anaganiza kuti akwawo kwa mwamuna akamva ukwati utha. Ndiye atamufunsa dzina..."

"Anatchula langa."

"Ndi tsiku lako lobadwa," Achemwali anawonjezera, ngati ndi chinthu chonyaditsa kuti amalikumbukira.

"Ndipo pa belo anasaina ndani?"

Amayi anayamba kukonzakonza chitenje chawo.

"Amayi, anasaina ndani?"

"Ndimati zingothera pomwepo. Iwe unali mwana wasukulu, dzina lako silinkagwira ntchito iliyonse. Ndinati tingolibwereka pang'ono."

"Kubwereka. Amayi, dzina si chitenje."

"Iwe usawayankhe choncho Amayi," Achemwali analavula chipeso chija. "Tonse ndife amodzi m'nyumba muno. Chibale ndi fupa, sichiola."

"Mlandunso suola, Achemwali. Andiuza konko."

Tsiku lotsatira Mzime anabwereranso kwa mayi wa zala uja. Kaofesi kake kanali ndi tebulo limodzi, kabotolo ka inki, ndi kansanza kakuda koti aliyense amapukutira pomwepo. Mayiyo anali akusenda nthochi.

"Mwana wanga, ine ndikudziwa kuti si iwe. Koma kalata yoyera sindingakupatse. Fayilo ili m'dzina lako ndipo ili kukhoti. Amene angachotse dzinalo ndi a khoti, ndipo kuti afufuze okha, uwerenge miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi."

"Ndili ndi masabata atatu."

"Ndiye mwini chala abwere yekha. Akabwera, masiku ochepa zatheka." Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndi wa m'nyumba eti? Usayankhe. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndimaziona tsiku ndi tsiku. Wina anatchula dzina la malume ake omwalira."

Mzime anaseka mwangozi, misozi ili m'maso.

Kuchoka apo anapita kwa mnzake wapamtima, Wailesi. Dzinalo anamupatsa kusukulu chifukwa akayamba kulankhula umafuna pozimitsira koma palibe kkkk. Amagwira ntchito pa kashopu ka makompyuta kamene anthu amasindikizirapo mapepala ndi kulembetsa mafomu, ndiye za maviza amazidziwa ngati ndi kazembe.

"Usayerekeze amwali," anatero Wailesi asanamalize n'komwe kumva. "Usachonge ayi. Kunabwera bambo wina pano, wa jekete lachikopa, anati mlandu wanga unali wakale, chonga ayi. Ndinachonga. Anthu aja amafunsa kupolisi okha. Anamukaniza, nkumuuza kuti asadzapemphenso zaka zambirimbiri, chifukwa cha bodzalo osati mlanduwo. Pano amangodutsa apa ndi jekete lake dzuwa lili phwee. Komanso ukachonga inde popanda kalata ya khoti, fomu yako aiika pambali kudikira mlandu uthe. Uku moto uku moto. Koma dikira kaye, wati khutu? La mayi wa tomato?"

"Ukuwadziwa?"

"Amwali. Ndani sawadziwa? Dziko lonse limadziwa kuti analumidwa ndi Achemwali ako."

"Ukunama."

"Tseka pakamwa ntchentche zilowa. Tiye."

Anatseka shopu masana dzuwa likuswa mtengo, nkumukoka Mzime mpaka kumsika. Mayi wa tomato anali wonenepa bwino, wansangala, ndolo ili khutu limodzi lokha. Atangomva kuti uyu ndi mng'ono wa woluka tsitsi uja, anatembenuza mutu yekha kuonetsa khutu linalo, ngati satifiketi. Kunsonga kwake kunali kopanda kachidutswa.

"Mano a mkulu wako ndi abwino, asamawataye," anatero akuseka. "Ine ndinakhululuka kalekale, pakamwa panga ndi pamene panandilakwitsa. Ukayenda siya phazi, ine ndinasiya mlomo. Ndipotu mwamuna wakeyo, kalipentala uja, anabwera m'mawa mwake ndi bandeji kudzapepesa. Ukwati usanachitike. Mpaka lero Loweruka lililonse amagula tomato pano, amati mayi khutu lathu lili bwanji."

Mzime anagwira benchi.

"Alamu amadziwa?"

"Kuyambira tsiku loyamba. Amayi a mwamunayonso amadziwa, anabwera kudzaliona khutuli ndi maso awo."

Wailesi anali atakhala pansi pa thumba la anyezi, akuseka mopanda mawu, mapewa okha akugwedera. Zaka zitatu Achemwali akuyenda monyang'ama m'nyumba mwawo kubisa chinsinsi choti ngakhale apongozi awo anachiyendera kukachiona kkkkk.

Koma Mzime sanaseke nthawi yaitali. Anamuuza mayiyo za dzina lija, ndipo nkhope ya mayiyo inasintha.

"Ayi, izo ndiye sindimadziwa. Kukhoti anandiitana kamodzi, anati wolakwa sanabwere, ine nkubwerera ku tomato wanga. Dzina sindinalimvetsere. Pepa mwana wanga."

Sabata yoyamba inatha choncho. Kunyumba Amayi ankangoti tipemphere, mwina kompyuta ya apolisi iwonongeka. Achemwali anasiya kubwera. Mzime akawaimbira, foni imangolira. Akawalembera, timizere tiwiri tija timasanduka mtundu koma yankho osabwera. Wailesi tsiku lililonse ankati ingopita ukawanene, ndi chala chawo, koma Mzime ankakana.

"Ndikawanena ine, abwera kudzawatenga ndi unyolo pa saluni, anthu akuona. Ndikufuna apite ndi miyendo yawo."

"Nanga akapanda kupita?"

"Ndiye kuti sukulu yapita."

Lachisanu la sabata yachiwiri Mzime anavala bwino nkupita ku saluni. Ndi kachipinda kamodzi, galasi lalikulu losweka pakona, draya mmodzi amene amalira ngati chigayo, ndi zithunzi za masitayilo zimene zinayera ndi dzuwa. Munalibe kasitomala. Mzime anangolowa nkukhala pa mpando wa kutsogolo kwa galasi.

"Mundiluke."

Achemwali anamuyang'ana m'galasimo. "Sitayilo yanji?"

"Iliyonse yokhalitsa. Ndikhala konkuno nthawi yaitali."

Anayamba kumupesa, mwamphamvu ndithu.

"Ndalemba kalata yokana malo aja," Mzime anatero. "Ili mufoni. Lolemba nditumiza, kuti apatse wina nthawi ikadalipo. Kupolisi sindikakutchulani, musaope."

"Ukufuna ndimve chisoni."

"Ndikungokuuzani."

Achemwali anaponya chipeso pa shelefu nkumuika chala chija pamphuno penipeni. "Ukuchiona ichi? Unali ndi zaka ziwiri iwe, unatola mpeni wa Amayi uli mbuu kuthamanga nawo pabwalo. Ndani anaugwira kukuthwa kwake? Ndinatuluka magazi mpaka kukomoka. Chipsera chimenechi ndi chako. Lero ukufuna chomwechi chindimangitse, banja langa lithe, apongozi anga andiseke?"

"Ndikudziwa Achemwali. Munandigwirira mpeni, zikomo. Koma simunandipulumutse kuti mudzandisunge m'fayilo."

Ndiye pamenepo chitseko chinatseguka, nkulowa Alamu, pensulo kukhutu, hamala m'manja, akuti abwera kudzakhoma shelefu imene yakhala ikugwedera. Kumbuyo kwawo Wailesi. Kumbuyo kwa Wailesi, mayi wa tomato, atanyamula kajumbo ka tomato ngati akupita kukaona wodwala. Wailesi pambuyo pake analumbira kuti anangokumana pamsewu mwangozi. Palibe anamukhulupirira kkkk.

Achemwali ataona khutu lija anafuna kulowa mu draya.

"Bambo ake, mayi awa... ine sindi..."

"Mayi a khutu lathu awa," anatero Alamu akuika hamala pansi. "Mayi ake, ukuganiza kuti sindimadziwa? Bandeji ndinagula ndine."

"Mumadziwa?"

"Ndinakwatira ndikudziwa. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Amayi anga anati ameneyo ndiye mkazi, mbava sizidzalowa m'nyumba."

Mayi wa tomato anaseka mpaka tomato mmodzi anagwa nkugubuduka kulowa pansi pa mpando. Wailesi anali atagwira pamimba. Ngakhale Mzime, mutu theka wopesa, analephera kudzigwira.

Koma Alamu sankaseka. Anachotsa pensulo kukhutu nkuiyang'ana.

"Za khutu sizinandichititsepo manyazi. Zimene ndamva panjira pano ndi zimene zandichititsa manyazi. Mlamu wangayu ankawerenga ndi tochi ife tikuvina pa ukwati. Ndiye ukwati wathuwo tinaukhazika pa dzina lake, iye osadziwa? Ine ndimakhoma matebulo, mayi ake. Mwendo umodzi ukakhala wobwereka, tebulo limagwa tsiku la alendo."

Achemwali anakhala pa mpando wa draya. Anayang'ana mwamuna wawo, anayang'ana khutu, kenako anayang'ana chala chawo nthawi yaitali.

"Zaka zitatu," anatero. "Ndikamva galimoto ya polisi ndimathawira kuchimbudzi. Tomato ndimakagula kumsika wakutali, wokwera basi." Anayamba kuseka, kuseka kuja kosanduka kulira pakati. "Mzime, kalata yakoyo fufuta."

"Ndifufuta mukabwerako."

"Iii, mwana uyu anakula liti?"

Lolemba m'mawa Achemwali anatulukira atavala diresi la buluu la pa zikondwerero, nsapato zazitali, tsitsi atalikonza ngati akukajambulitsa. Akuti ngati akundimanga andimange ndikuoneka bwino. Amayi anabwera nawonso, chifukwa Alamu anawauza mwaulemu kwambiri, atagwira chipewa m'manja, kuti siginecha ya pa belo ija ilinso ndi mwini wake. Panjira yonse Amayi ankangoti mutu ukakula sulewa nkhonya, mutu ukakula sulewa nkhonya, ngati nyimbo.

Mayi wa zala anawaona anayi onsewo pakhomo, Mzime ndi Alamu ali pambuyo. Anangotsegula kabotolo ka inki.

"Chakumanja, chachikulu."

Achemwali anadinda. Mzere uja unatuluka pa pepala bwinobwino, wofanana ndi wa pa khadi lakale ngati mapasa.

"Takulandirani mayi," anatero mayi wa zala. "Takusowanitu zaka zitatu."

Kukhoti analowa Lachinayi. Mayi wa tomato anaimirira nkunena kuti za khutu iye anakhululuka, ndipo anafuna kufotokoza nkhani yonse kuyambira pa chibwenzi, mpaka a majisitireti anachita kumuuza kawiri kuti akhale pansi. Koma za dzina a majisitireti sanaseke nazo. Anawafunsa Achemwali ngati akudziwa kuti mng'ono wawo akanatha kugona m'chitokosi, kutaya sukulu, kukanizidwa ntchito moyo wake wonse osadziwa chifukwa. Achemwali anati ndikudziwa tsopano. Anawalamula kukasesa pachipatala m'mawa uliwonse kwa mwezi wathunthu. Amayi anawaimiritsa nkuwadzudzula pamaso pa anthu, akuti mayi, ana onse ndi anu, wina si chishango cha mnzake. Amayi anangoti zoona bwana, kamawu kakang'ono koti Mzime anali asanakamvepo.

Ndipo kalata inatuluka. Ya chidindo chofiira, yonena kuti mlandu uja sunali wa Mzime ndipo dzina lake lachotsedwa. Mawa lake ya kupolisi inatulukanso, yoyera. Mzime anazinyamula ziwirizo pachifuwa ngati mwana wakhanda, kuthamanga mpaka kwa Wailesi, banja lonse lili pambuyo. Kunatsala masiku asanu ndi awiri.

Onse anaunjikana kumbuyo kwa kompyuta. Wailesi anatsitsa fomu mpaka pa kafunso kaja.

"Eya, chonga ayi tsopano," anatero Achemwali. "Ndakuyeretsa."

"Chonga inde," anatero Mzime.

"Chiyani? Ine ndikusesa masamba a chipatala chonse, manja matuza okhaokha, iwe nkuchonga inde?"

"Funso likuti munamangidwapo. Anandikhazika kuseri kwa kauntala maola awiri, nsapato atandivula, ndipo mlandu unalembedwa m'dzina langa. Ndichonga inde, ndilemba zimene zinachitika, ndiika kalata ya khoti. Akafufuza apeze zomwezo."

"Amwali wanga ameneyo," anatero Wailesi, nkudina.

Ku ofesi ya kazembe anamuitana Lachiwiri. Munthu wake anali kuseri kwa galasi, nkhope yosaseka, ndipo anawerenga kalata ya khoti ija kawiri. Anafunsa kuti amene anatchula dzina lanu ndi ndani. Mzime anati mkulu wanga. Anafunsa kuti pano muli naye bwanji. Mzime anati ndi amene wandiluka tsitsili. Munthu uja anayang'ana tsitsilo, kenako anamuuza kuti aike zala pa kamakina kowala. Mzime anaika chala chachikulu mosamala ngati dzira. Anamuuza kuti adikire uthenga, basi.

Masiku awiri amenewo m'nyumba simunadyeke. Foni ikangoti tii, anthu atatu kuithamangira, kupeza ndi uthenga wa kampani ya foni wonena za mabandulo kkkk.

Uthenga weniweni unabwera Lachinayi m'mawa, kutatsala tsiku limodzi. Mzime anali pachipatala, atawaperekeza Achemwali kosesa, atawagwirira thumba la zinyalala. Anawerenga kamodzi, anawerenganso, nkungokhala pansi pa mulu wa masamba.

"Yatuluka."

Achemwali anakuwa mpaka mlonda anabwera akuthamanga. Anavina ndi tsache pakati pa bwalo la chipatala, masamba onse amene anasesa kubalalikanso, anamwino ali m'mawindo kuonerera. Kenako anamukumbatira Mzime mwamphamvu, nkumunong'oneza kuti pepa mng'ono wanga, kamodzi kokha, mwachangu, ngati mawuwo akuwotcha. Mzime anagwira chala chija nkuchipsompsona pa chipsera pomwe.

"Iwe, chili ndi fumbi."

"Ndi changa, munanena nokha."

Atakhala pa benchi anajambula uthengawo nkumutumizira Wailesi. Sipanathe ndi mphindi, yankho linabwera:

"Kkkkkk amwali ndalira mpaka kasitomala wathawa osatenga mapepala ake. Pita ukatiimirire. Koma dzina lakolo ulongedze lonse m'chikwama, usasiyeko ngakhale theka, kwanu kuja amabwereka osapempha."